Foni ya Mlimi Iyesedwere Kumunda

Alimi anzathu, masiku ano sipatha chaka osamva kuti kwabwera njira yatsopano yothandizira mlimi kudzera pa foni ya m'manja. Mwambo wokhazikitsa njirayo umachitikira mu hotela, akuluakulu amayankhula, atolankhani amajambula, kenako timauzidwa chiwerengero cha alimi omwe akuti afikiridwa. Koma ife tikufunsa kuti kodi njirayo adaiyesa ndani, ndipo adaiyesera kuti?

Ambiri mwa mamembala athu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona timagona m'tauni koma moyo wathu uli pa khasu. Ena tili ndi madimba m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ena timachita lendi minda ku Mpingu, Nathenje kapena Mitundu. Kunyumba netiweki imagwira bwino ndithu. Koma chimanga sichidwalira kunyumba. Pomwe tikufuna foni itithandize ndi pakati pa mizere, dzuwa lili paliwombo, manja ali matope okhaokha, batire yatsala pang'ono kutha chifukwa usiku magetsi kunalibe.

Tisamveke ngati tikudana ndi luso lamakono. Mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo sangafike pamunda wa aliyense. Choncho tidayamikira pomwe mu 2014 kudabwera njira yoimba pa nambala ya 321 pa Airtel n'kumva uphungu m'Chichewa, ngakhale pa kafoni ka mabatani. Mbozi za ntchemberezandonda zitavuta mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, bungwe la FAO lidatulutsa mu 2018 pulogalamu ya pafoni yotchedwa FAMEWS yolondolera mbozizi. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayambitsa Ulangizi, yomwe imayankha mafunso a zaulimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp. Zonsezi n'zofunika. Koma cholinga chabwino pachokha sichikwanira. Chipangizo chimadziwika ubwino wake chikagwira ntchito m'manja mwa mlimi.

Phunziro lalikulu tidalipeza mu 2020. Boma litasiya makuponi n'kuyambitsa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, mlimi amayenera kupita ndi chiphaso cha unzika, wogulitsa n'kuchijambula ndi foni kuti dzina lioneke m'makina, kenako n'kugula thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4,495. Ganizo lake lidali labwino, loti makuponi achinyengo athe. Koma tonse tikukumbukira zomwe mawailesi ndi nyuzipepala zidalengeza chaka chimenecho: netiweki kuvutavuta, mizere italiitali, amayi ndi agogo kugona m'malo ogulitsira, feteleza ali m'nyumba momwemo koma wogulitsa akulephera kumupereka. Mvula siyembekeza netiweki. Feteleza wokulitsa akachedwa milungu iwiri kapena itatu, mlimi amalipira ndi nkhokwe yake.

Chodabwitsa n'chakuti pa zinthu zina zaulimi dziko lathu limadziwa kuyesa. Mbewu yatsopano isanaloledwe pamsika imayamba yabzalidwa m'malo a kafukufuku monga Chitedze, ndiponso m'minda ya alimi m'madera osiyanasiyana. Timaiona m'minda yachitsanzo, timathyola chitsononkho, timakonola, amayi amasinja n'kutiuza ngati ufa wake uli wabwino. Sikelo nayo ili ndi malamulo, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woiyesa. Aliyense amene adagulitsapo mtedza kapena soya kwa mavenda a pa Mgona akudziwa chifukwa chake sikelo iyenera kuyesedwa. Nanga pulogalamu ya pafoni, yomwe ikuuza mlimi mankhwala opopera, mtengo wa pamsika kapena tsiku lobzala, ilowe bwanji m'manja mwathu osayesedwa?

Eni mapulogalamu amakonda kuwerenga anthu omwe aika pulogalamu m'foni kapena mauthenga omwe atumizidwa. Kumeneko kuli ngati kuwerenga mapaketi a mbewu omwe agawidwa, osapita kukaona zomwe zamera. Ife tikuti muyeso weniweni ukhale pa mfundo izi.

Choyamba, kodi mlimi wamaliza chomwe amafuna? Pa alimi 10 omwe apatsidwa foni kuti afunse za matenda a tomato, ndi angati apeza yankho paokha, popanda mdzukulu kapena wa bungwe kuwagwira dzanja? Ndipo zawatengera mphindi zingati?

Chachiwiri, kodi ikuoneka padzuwa? Zilembo zing'onozing'ono zotuwa zimawerengeka mu ofesi, koma mu Okutobala masana galasi la foni limangonyezimira. Chala chonyowa kapena chafumbi sichimvana ndi foni yogwira pagalasi. Mabatani akhale akuluakulu, masitepe akhale ochepa.

Chachitatu, netiweki ikathawa chimachitika n'chiyani? Pulogalamu yabwino imasunga zomwe mwalemba kapena kujambula, n'kudzazitumiza yokha netiweki ikabwera. Yomwe imafuna muyambirenso poyamba ndi yotaya nthawi ya mlimi.

Chachinayi, ikudya ndalama zingati? Tiuzidwe poyera kuti funso limodzi, makamaka lotumiza chithunzi, limatha bandulo yochuluka bwanji, ndipo batire imatsika motani. Ndalama ya mayunitsi ndi yotchajitsa foni imachokera m'thumba lomwelo la ndiwo ndi sopo.

Chachisanu, ikuyankhula chinenero cha ndani? Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti pafupifupi anthu 3 mwa 10 aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi, omwenso ndi amene amagwira ntchito yaikulu kumunda. Uthenga wa mawu ndi wofunika kuposa wolemba. Chichewa chake chikhale cha mlimi, chotchula mapesi, chiwawu, nsabwe ndi anankafumbwe, muyeso wake ukhale wa chitsekerero cha botolo ndi ndowa, osati Chingerezi chovekedwa malaya a Chichewa.

Chachisanu ndi chimodzi, uphungu ukalakwika tikadandaule kwa yani? Mlangizi akatisokeretsa timamudziwa nkhope ndi ofesi yake. Pulogalamu iliyonse ikhale ndi nambala yomwe munthu weniweni amayankha, ndipo itiuze komwe mayina athu, manambala a ziphaso ndi malo a minda yathu zikupita.

Pachifukwa ichi tikupempha Unduna wa Zamalimidwe, mogwirizana ndi bungwe la MACRA, kuti ukhazikitse lamulo loti pulogalamu iliyonse yopita kwa alimi, makamaka yokhudza zipangizo zotsika mtengo, iyambe yayesedwa kumunda ndi m'malo ogulitsira kwa nyengo yathunthu, nthawi ya dzuwa ndi ya mvula yomwe. Oyesa asakhale achinyamata ophunzira okhaokha. Pakhale amayi, achikulire, osadziwa kuwerenga, ndi omwe ali ndi mafoni otchipa ong'aluka galasi, chifukwa mafoni athu ambiri ndi otero. Zotsatira zake zilengezedwe poyera monga zimakhalira ndi mbewu. Ndipo paliponse pomwe foni yaikidwa pakati pa mlimi ndi feteleza wake, pakhale njira ina yokonzeratu, monga kaundula wa papepala, kuti makina akakanika thumba lituluke tsiku lomwelo.

Kwa mabungwe othandiza tikuti, musanapereke ndalama yachiwiri, bwerani mudzakhale nafe tsiku limodzi padimba ku Chinsapo. Foni muipereke kwa mayi wothirira mpiru, inu mungokhala chete n'kumaonerera. Mudzaphunzira zambiri kuposa za m'malipoti.

Nafenso mamembala tili ndi mbali yathu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kalabu iliyonse ikhale ndi kope lapadera. Mukagwiritsa ntchito njira iliyonse ya pafoni, mlembi alembe tsiku, malo, mtundu wa foni, chomwe mumafuna, ngati zatheka, nthawi yomwe zatenga ndi ndalama yomwe yapita. Zoyenda bwino muzilembenso, kuti zabwino tizilimbikitse. Makope amenewa abwere ku misonkhano ya pamwezi, ndipo atsogoleri adzawasonkhanitse n'kukawatula kwa oyenera. Dandaulo la pakamwa amalikana mosavuta, koma masamba olembedwa ndi makalabu 20 ndi umboni wovuta kuukankhira kumbali.

Mbewu timaiweruza pokolola, khasu timaliweruza polima. Foni nayo tiiweruzire komweko kumunda, ndipo oweruza tikhale ife eni ake.