Pakhonde la Mzikiti: Thumba la Ufa Likafika pa Chiponde



Amene mudafikako ku Chiponde mukudziwa kuti malire a Malawi ndi Mozambique kumeneko ndi nkhani ya boma, osati ya mabanja. Tauni ya Mandimba ili pafupi zedi. Anthu a mbali ziwirizi amayankhula Chiyao, amakwatirana, amagulitsana chimanga ndi nandolo, ndipo maliro akagwa palibe amafunsa pasipoti asananyamule jeneza. Ku Nayuchi, kumene njanji ya ku Nacala imatulukira m'dziko muno, nchimodzimodzi.

Tsono njala ikavuta kapena madzi akasefukira, monga zidachitikira ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, makampani amabwera ndi malole a ufa, mabulangete ndi zidebe. Ife tikuwathokoza. Koma mphatso ya kampani imayenda ndi kaundula. Bwana amene watumidwa ayenera kukaonetsa kwa akuluakulu ake kuti thumba lililonse lapita kwa yani, choncho amafuna dzina ndi nambala, ndipo chiyambire kalembera wa 2017 nambalayo kawirikawiri imakhala ya chitupa cha unzika. Apa mpamene pagona nkhani.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri adabwerera, koma ubale sudathe. Taganizani za mkamwini wa ku Mandimba amene akulima munda wa apongozi ake kuno, kapena agogo amene nyumba yawagwera kutsidya ndipo abwera kudzakhala kwa mwana wawo. Ife tidawaonapo anthu otere ataima pamzere kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala ya Dhuhr, nkubwerera chimanjamanja. Sadabe, sadaname, dzina lawo lokha ndilo mulibe. Madzulo nsima imene amadya ndi ya m'thumba lomwe lija la mwana wawo, limene adaliwerengera anthu asanu pamene akudya ndi asanu ndi atatu.

Kampani sitingaikakamize, chuma nchake. Chimene tingathe nchakuti a komiti ya mzikiti pamodzi ndi amfumu akambirane nawo tsiku logawa lisanafike, awapemphe kuti aziwerenga anthu amene akudya pakhomo, osati zitupa zokha. Ngati akufunsa chimene mudzi ukusowa, tchulani mjigo, poti mjigo sufunsa munthu kwawo. Kungoti musaiwale kufunsa kuti ukadzaonongeka zipangizo adzagule ndani.

Otsalawo ndi athu. Qur'an, mu Surat Tawba ndime 60, yatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaat, ndipo osauka ndi wapaulendo amene wasowa pogwira ali m'gulumo popanda kutchula dziko lake. Abale athu amene muli ndi magolosale ndi malole, mukupita kukapikula katundu kutsidya lomwelo, zakaat ya malonda ndi K2,500 pa K100,000 iliyonse, chuma chikakwana nisab ndipo chaka chikatha. Tikupempha mashehe kuti pa Jumu'a ikubwerayi auze a komiti alembe kaundula wachiwiri, wa iwo amene kaundula wa kampani wawadumpha, ndipo akampereke m'manja mwa amalondawa mvula isanayambe.