Tisamangokolola, Nafenso Tibzale

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri kuchokera kumapeto kwa Okutobala, Eklezia Katolika pa dziko lonse amachita chopereka chapadera cha Tsiku la Mishoni. Tsikuli adalikhazikitsa ndi Apapa Pius XI m'chaka cha 1926. Koma kwathu kuno mbale ikamadutsa pa tsikuli, ambiri timangoponyamo tindalama totsala m'thumba. Ena ndawamvapo akunena kuti, "Ife osauka tingathandize bwanji dziko lonse pamene denga la tchalitchi chathu likudontha?" Funsoli n'lomveka ndithu, koma ine sindivomerezana nawo. Maganizo anga ndi akuti umphawi sungatichotsere udindo wofalitsa Mthenga Wabwino, chifukwa ife tomwe ndife zipatso za nsembe za anthu ena.

Tiyeni tikumbukire kumene chikhulupiriro chathu chidadzera. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma zinthu zidavuta ndipo adachokako mu 1891. Mu 1901 ansembe a Montfort adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu, ndipo mu 1902 a White Fathers adabweranso n'kuyamba ntchito ku Mua. Kuno kumpoto Akatolika adafika mochedwa. Mishoni yathu yoyamba idali Katete, kum'mwera kwa boma la Mzimba, mu 1938. Dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1961, ndipo Episkopi wake woyamba, Ambuye Jean-Louis Jobidon, adali wochokera ku Canada.

Anthu amenewa adasiya makolo ndi abale awo, adaphunzira Chitumbuka atakula kale, ndipo adayenda pansi ndi panjinga kukafika kumidzi yakutali. Ena mafupa awo ali m'manda a pa mishoni zathu. Nanga ndani adalipira ulendo wawo, malata a masukulu ndi mankhwala a m'zipatala? Adali akhristu wamba a ku France, Holland, Canada ndi Ireland, amene sadaonepo phiri la Hora kapena kumwa madzi a mu South Rukuru. Mbewu yawo idamera. Mu 1995 mwana wa ku Mzimba, Ambuye Joseph Mukasa Zuza, adakhala Episkopi wa Mzuzu, ndipo adaweta dayosiziyi mpaka mu 2015 pamene adatisiya pa ngozi ya galimoto mumsewu wa ku Chikangawa.

Ine kwathu ndi ku Chikangawa komweko, ndipo nkhalango ya Viphya imandiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi. Mitengo ya paini idabzalidwa yambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pa mahekitala pafupifupi 53,000. Ambiri mwa anthu amene adakumba maenje m'chisanu cha kumeneko sadadyepo phindu la matabwa ake. Itakwana nthawi yocheka, anthu adachuluka, macheka adalira, malole adanyamula matabwa usana ndi usiku, moto wolusa nawo udatentha mbali yake. Ocheka adali ambiri, obzala adali ochepa. Zotsatira zake, mapiri ambiri adatsala zitsa zokhazokha. Eklezia naye angathe kuona zomwezi. Kwa zaka zoposa 80 takhala tikukolola m'munda umene adalima ena. Tikapanda kubzala, ana a mawa adzapeza chiyani?

Tsono kodi osauka angapereke? Mbiri ikuti inde. Bungwe lalikulu lothandiza mishoni lidabadwira mumzinda wa Lyon ku France mu 1822, kuchokera ku nzeru za mtsikana wina dzina lake Pauline Jaricot. Iye sadapite kwa mafumu kapena kwa eni chuma. Adasonkhanitsa antchito osauka a m'mafakitale a nsalu, n'kuwaika m'magulu a anthu khumi khumi. Aliyense ankapereka kandalama kamodzi pa sabata ndi kupempherera amishoni. Magulu amenewo sakusiyana kwenikweni ndi miphakati yathu. Mu 2022 Eklezia adalengeza kuti Pauline Jaricot ndi Wodala.

Ife a m'seminale nkhaniyi ikutikhudza koposa. Mu 1889, chaka chomwe a White Fathers adafika kwa Mponda, Jeanne Bigard ndi mayi ake Stéphanie adayambitsa ku Caen bungwe la Petulo Woyera Mtumwi, lothandiza kuphunzitsa ansembe a m'maiko a mishoni. Thandizo la bungweli limafika m'maseminale a ku Africa ndi ku Asia, kuphatikizapo athu a ku Malawi. Choncho pa mabuku amene timawerenga ndi nsima imene timadya pali thukuta la nkhalamba ina yakutali imene sitidzaiona. Msemenale wonyoza chopereka cha mishoni akunyoza dzanja limene likumudyetsa.

Ena amaopa kuti ndalama zathu zikachoka sizibweranso. Zoona zake n'zakuti zopereka za maparishi onse a pa dziko lapansi zimaikidwa m'thumba limodzi, ndipo zimagawidwa ku madayosizi osowa oposa 1,000. Malawi amalandira zambiri kuposa zimene amapereka. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Komabe ngakhale zikadapanda kubwerera, udindo wathu sukadatha. Kumapeto kwa Mthenga Wabwino wa Mateyo, Ambuye Yesu adatuma ophunzira awo kwa anthu a mitundu yonse. Ophunzirawo adali asodzi ndi anthu wamba, ndipo sadauzidwe kuti ayambe alemera. Za denga lodontha, tiyeni tilikonze ndithu, pakuti chaka chili ndi masabata 52 ndipo la mishoni ndi limodzi lokha.

Pali chopereka china chowawa kuposa ndalama, ndipo pano ndikulankhula mwaulemu kwa inu makolo athu. Makolo ena amavomera kuti mwana akhale wansembe kapena sisitere pokhapokha ngati adzakhale pafupi, kuti azidzabwera ndi galimoto pamaliro ndi kulipirira ang'ono ake fizi. Mwana akangotchula zolowa chipani cha amishoni, pakhomo pamakhala ngati pagwa zovuta. Ndikumvetsa, chifukwa kubala n'kowawa. Koma mayi ake a Ambuye Jobidon nawonso adali mayi. Akadakaniza mwana wawo, bwenzi ambiri a ife tisadabatizidwe ndi manja amene iye adadzoza. Mu 1969 ku Kampala, Apapa Paulo VI adauza anthu a mu Africa kuti nthawi yakwana yoti akhale amishoni pakati pawo. Lero maiko amene adatitumizira ansembe akusowa ansembe, ndipo maseminale ena kumeneko adatsekedwa. Ku Asia ndi kumpoto kwa Africa kuli anthu miyandamiyanda amene sadamvepo za Khristu. Amalawi ena adapita kale kukatumikira kunja, koma ndi ochepa.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, chopereka cha mishoni tizichikonzekera monga timakonzekerera mbewu, osati kupisa m'thumba mbale itafika. Mlimi wa ku Jenda angapatule dengu la tomato kapena chitini cha mbatatesi, wa ku Euthini angapatule nkhuku. Chachiwiri, ndikupempha abambo athu ansembe ndi akatekisiti kuti azitifotokozera mwezi wonse wa Okutobala kumene ndalamazi zimapita, chifukwa munthu sapereka mokondwa ku chinthu chimene sakuchidziwa. Chachitatu ndi pemphero. Tereza Woyera wa ku Lisieux adamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24 osatulukapo m'nyumba ya asisitere, koma mu 1927 adasankhidwa kukhala nkhoswe ya amishoni onse chifukwa cha mapemphero ake. Wodwala ndi wokalamba yemwe angagwire ntchito imeneyi ndi kolona m'manja.

Pomaliza, anzanga a m'seminale, tiyeni tiphunzire zilankhulo mwakhama ndipo tizolowere kukhala ndi anthu a mitundu ina kuyambira pano. Aliyense wa ife adzifunse ngati angavomere Episkopi atamutuma kudera kumene kulibe nsima, kulibe wachibale, ndiponso kulibe womudziwa. Amene adabwera ku Katete mu 1938 adavomera. Mulungu atipatse mtima womwewo.