NJIRA ZA M'THENGO ZINGADYETSE MUDZI

Munthu wobadwira ku Lundazi sayesa kuyenda pansi cinthu cokondweretsa. Mai wopita ku cigayo ndi thumba pamutu, mwana wa sukulu wooloka madambo awiri dzuwa lisanatuluke, ndi mlimi wokankha njinga yolemedwa ndi thonje pa citunda, onsewa atamva kuti kuli anthu amene amalipira ndalama kuti ayende m'thengo tsiku lathunthu, kapena kuti apalase njinga pa miyala ndi pa mizu popanda katundu wopereka kwina, angaseke kufikira nthiti kuwawa. Koma anthu otere alipo, ndipo cimene amafuna ndico cimene dziko la Lundazi likali naco: nkhalango ya zii, kutali ndi phokoso la magalimoto, ndi tinjira topapatiza topita kunsi kwa mitengo.

Tinjira timeneti sitinalambulidwe dzulo ai. Misewu isanabwere, Atumbuka, Acewa ndi Angoni a kumtunda anali kutsika nato ku cigwa ca Luangwa atasenza cimanga, nabwerako ndi nsomba zouma. M'caka ca 1831 Apwitikizi awiri, Monteiro ndi Gamitto, pocokera ku Tete kupita kwa Kazembe wa ku Luapula, anadzera m'njira za Acewa naoloka Luangwa. Pambuyo pace amtengatenga ananyamula katundu ndi macila a azungu m'njira zomwezo, ndipo anyamata opita ku nchito ku Harare ndi ku Joni anayamba ulendo wao pa tinjira ta kuseri kwa mudzi. Njira iliyonse ili ndi mbiri yace, ndipo okalamba amadziwa mtengo umene apaulendo anali kupumulapo ndi citsime cimene sicinali kuphwa ngakhale m'mwezi wa October.

Alendo okonda thengo ali a mitundu iwiri. Ena amayenda pansi, atabereka thumba la zobvala ndi botolo la madzi, nagona m'mahema kumene dzuwa lawalowera. Ena amakwera njinga yochedwa ya m'mapiri. Njinga imeneyi inayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ena anayamba kutsetsereka m'mapiri ndi njinga zakale zimene anazilimbitsa okha. Ili ndi matayala onenepa a mano ogwira nthaka, magiya ambiri opeputsa citunda, mabuleki amphamvu, ndi masipuling'i kutsogolo kuti manja asalemedwe ndi kugunda kwa miyala. Masewerawa anakula kotero kuti m'caka ca 1996 analowa m'mipikisano ya Olympic ku Atlanta. Okwera njingazi amathawa msewu wa tala. Cimene mlimi amacitukwana, ndiko kuti citunda, mcenga ndi khwawa, iwo ndico amaciyendera ulendo wautali.

Citsanzo sicili kutali. Munthu akaturuka pa cipata ca Lusuntha nalowa m'Malawi, nafika pa Jenda, ali pafupi ndi mapiri a Viphya m'boma la Mzimba. Kumeneko, m'mbali mwa damu la Luwawa, kuli nyumba ya alendo ya Luwawa Forest Lodge, imene eni ace anaika zizindikiro m'njira za m'nkhalango kuti alendo aziyendamo pansi ndi pa njinga, nayambitsanso mpikisano wa pacaka wa njinga za m'mapiri umene unakoka okwera a m'maiko ena. Alendo olimba miyendo amacoka pomwepo nayenda masiku angapo kutsikira ku nyanja ya Malawi, ndipo owatsogolera ndi owanyamulira katundu ndiwo anthu a m'midzi yozungulira. Cakumpoto, pa mapiri a Nyika, alendo amapalasa njinga pakati pa mbidzi ndi nchefu pafupi ndi Chelinda, ena nayenda pansi masiku atatu kukafika ku Livingstonia. Mbali ina ya Nyika ili m'Zambia, ndimo muli nkhalango yakale ya Chowo ya mitengo italiitali.

M'dziko lino nzeru yoyendetsa alendo pansi m'thengo inabadwira m'cigwa ca Luangwa comweci. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti apatule malo ena osungirako nyama, kuti alendo azidzaona, ndi kuti ndalama zao zizipita kwa eni dziko. Carr anaona kuti munthu wokhala m'galimoto amangoona nyama, koma woyenda pansi amamva thengo lonse, pfungo lace ndi kulira kwa mbalame zace. Iye anamwalira m'caka ca 1997, koma maulendo a pansi amene anayambitsa ndiwo amene anachukitsa Luangwa pa dziko lonse, ndipo ana ambiri a ku Mfuwe aphunzira sukulu ndi ndalama za makolo ao ogwira nchito yotsogolera alendo.

Nanga Lundazi ali ndi ciani? Ngakhale kuti m'caka ca 2018 Boma linapatula Lumezi ndi Chasefu kuti akhale maboma paokha, thengo silidziwa malire a pa pepala, ndipo msika ndi misewu ya onsewa ikumanabe pa boma la Lundazi. Kumwera ca kumadzulo kuli nkhalango ya Lukusuzi, ya makilomita 2,720 m'bwalo lace lonse, imene inakhala malo a Boma osungirako nyama m'caka ca 1972. Muli mitengo ya mombo, mlombwa ndi masuku, matanthwe akuluakulu okhalamo cinkhoma, ndi mimbulu imene yatha m'maiko ambiri. Kutsika kwa Chikomeni kupita kwa Mwanya, kapena kwa Kazembe ndi kwa Chitungulu kufupi ndi Luambe, dziko limagwa kucokera ku mtunda wozizira kufikira ku mitengo ya tsanya ya m'cigwa. M'mwezi wa September, mvula isanagwe ngakhale dontho, mombo amaphuka masamba ofiira ngati moto. Ndipo pa boma peni peni pali nyumba ya alendo yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene Bwana DC Errol Button anayamba kumanga m'caka ca 1948 m'mbali mwa damu, kuti apaulendo azigonamo. Malo ogona analipo kale. Cimene cinasowa ndi njira zokonzeka zoti mlendo ayendemo akadzuka.

Koma pali cinthu cimodzi cimene mlendo sangalipire, ndico kuyenda m'zitsa. Aliyense woyenda pa msewu wa Chipata, wa makilomita pafupifupi 180, amaona yekha matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu. Nkhuni zoumitsira fodya, minda yatsopano ya soya ndi thonje, maenje a ofuna miyala ya mtengo wapatali, ndi moto wolusa wa m'October, zonsezi zili kudya nkhalango caka ndi caka. Palibe angadzudzule mlimi wofuna kudyetsa ana ace. Komabe mtengo wa mombo ukasanduka makala umagulitsidwa kamodzi kokha, pamene ukaima umapatsa uci, bowa, luzi, matondo ndi mthunzi caka ciliconse, ndipo mlendo wa caka cino akauona, wa caka ca mawa adzauonanso. Ku Viphya komweko kuli cenjezo: munda wa paini wa Chikangawa, wa mahekitala oposa 50,000, unaonongeka kwakukulu ndi moto ndi kuceka kosawerengera, ndipo mapiri ena amene anali obiriwira anatsala ambee.

Cinanso cili kutha mwakacetecete, ndico nzeru ya njira. Mlenje wakale amawerenga nthaka monga mphunzitsi awerenga buku. Amadziwa phazi la njati la lero ndi la dzulo, amamva kuitana kwa nsadzu yolondolera ku njuci, amazindikira bowa wodyedwa ndi wakupha. Kuyambira m'caka ca 2003 bungwe la COMACO, limene lili ndi malo ace ku Lundazi, lakhala likukopa opha nyama mobisa kuti apereke mfuti ndi misampha yao ya waya, nayambe kulima nshawa ndi soya ndi kusunga njuci. Amuna amenewa anasiya mfuti, koma nzeru ya thengo ikali m'mitu mwao. Akapita kumanda osaisiyira mnyamata aliyense, sidzabweranso. Nchito yotsogolera alendo ndiyo nchito imodzi imene ingawalipire cifukwa ca nzeru imeneyo popanda kukhetsa mwazi wa nyama.

Lamulo lili ku mbali ya mudzi. Lamulo la Nkhalango la m'caka ca 2015, pamodzi ndi malangizo ace a m'caka ca 2018, limalola anthu a dera limodzi kupanga gulu, kupempha cilolezo ca mfumu yao, ndi kulembetsa ku Dipatimenti ya Nkhalango kuti azisamala okha nkhalango yao ndi kudyapo phindu lace. Pakati pa zololedwa pali kufula uci, kumweta udzu, kufuna mankhwala, ndi kulandira alendo odzaona malo. M'madera a nyama a m'cigwa, monga Lumimba, muli kale makomiti osankhidwa ndi anthu oyang'anira cuma ca m'thengo. Tanthauzo lace ndi lakuti mudzi sufunika kudikira munthu wa ndalama wocokera ku Lusaka kuti adzachinge mpanda ndi kulemba eni dziko nchito yosesa pabwalo. Mudzi ungayambe wokha, ndipo woyamba ndiye adzakhala mwini.

Nchito yace siifuna makina. Poyamba nyakwawa ndi okalamba asankhe njira zimene zilipo kale, yina yaifupi ya maola awiri, yina ya tsiku lathunthu, zoti munthu akayamba pa mudzi azungulire nabwerere pomwepo. Manda, kacisi ndi dambwe zikhale kutali ndi njira ya alendo, pakuti mlendo sadziwa coletsedwa, ndipo mlandu wace ungagwere amene anamlowetsa. Njira ilambulidwe mvula ikatha, m'lifupi mwace mongokwanira njinga imodzi. Pa citunda isalunjike kumwamba, koma ikhote uku ndi uku, ndipo paikidwe timigula topatutsa madzi, cifukwa matayala ndi mapazi zikakumba kamzera, mvula ya January idzakasandutsa cigwembe. Zizindikiro zipakidwe ndi utoto pa miyala, osati kusema makungwa a mitengo. Udzu wa m'mbali utenthedwe msanga m'May kapena m'June ukali wauwisi pang'ono, kuti moto waukulu ukadza upeze podukira. Nyengo yabwino ya alendo ndi kuyambira May kufikira August, pamene mitsinje yaphwa ndipo dzuwa silinayambe kuwawa.

Phindu lingafike m'manja ambiri. Wotsogolera alandira zace, wonyamula katundu zace, mai wophika nsima ya nkhuku ndi ndiwo zotendera zace, wogulitsa uci ndi mphasa zace. Ngakhale wokonza njinga wa pansi pa mtengo ali ndi gawo, pakuti cigawo ca Kum'mawa cadziwa njinga kuyambira masiku a Eagle zopangidwa ku Chipata, ndipo palibe mudzi wopanda munthu wodziwa kumata cubu ndi kuwongola sipoko. Koma ndalama ndizo zimapasula mabungwe. Ya pa cipata ilembedwe m'buku, mlendo apatsidwe lisiti, ndipo msungicuma awerenge zonse pamaso pa anthu pa bwalo la mfumu. Anthu akaona kuti ndalama ya nkhalango yakonza mjigo kapena yafolera sukulu, sadzafuna mlonda wowaletsa kudula mitengo.

Ngozi nayo isabisidwe. M'mwezi wa July caka ca 2022, njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, imene ili pa malire a maiko awiriwa, ndipo pambuyo pace minda inaonongeka ndi anthu anafa, m'Malawi ndi m'Zambia momwe. Mabanja a ku malire amene anataya abale ndi nkhokwe sangauzidwe mopepuka kuti nyama ndi cuma. Cifukwa ca ici njira za midzi zikhale kutali ndi mikwaso ya njobvu, ndipo m'Lukusuzi ndi m'Luambe munthu asalowe popanda cilolezo ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti. Wokwera njinga ndiye ali pa ngozi yoposa, pakuti amathamanga mosamveka, ndipo angatulukire pa njobvu ya mwana asanaione. M'cigwa mulinso kashembe ndi malungo. Safunsa anadya phula: mlendo wokana wotsogolera abwezedwe pa cipata.

Asayembekeze munthu kuti akalambula njira lero, mawa magalimoto a alendo adzafola pa mudzi. Lundazi ali kutali ndi Lusaka, ndipo misewu yotsikira ku cigwa imabvuta nthawi ya dzinja. Oyamba kuyendamo angakhale ana a sukulu ndi aphunzitsi ao, anamwino ndi akalaliki a pa boma pa tsiku Loweruka, ndi apaulendo ocepa ocokera ku Mfuwe kupita ku Nyika. Zimenezo sizocepa ai, pakuti mwana amene waphunzira maina a mitengo 20 ya kwao sadzaiyatsa moto mwacibwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngakhale mlendo atacedwa zaka zisanu, mudzi umene unasunga nkhalango yace sudzakhala utataya kanthu: uci udzakhalapo, bowa adzamera, ndi citsime sicidzaphwa. Koma mudzi umene udzayamba kuganiza za njira mitengo itatha, udzapeza kuti palibe comuonetsa mlendo, ndipo palibenso cosiyira ana.