Chiwerengero Cholakwa Chimaitana Njala

Alipo anthu ena, ngakhale pakati pa ophunzira bwino, amene amadabwa akamva kuti mnyamata kapena msungwana wapita ku Bunda kukaphunzira za chuma cha ulimi, ndi kuti mwa maphunziro akewo muli kafukufuku ndi kalembedwe ka malipoti. Iwo amafunsa monyodola kuti, kodi lipoti limadyedwa? Ife tikuti funso limeneli liyenera kuyankhidwa, pakuti yankho lake likukhudza nkhokwe ya banja lililonse m'dziko muno.

Tikumbukire njala ya 2002. Chimanga cha 2001 chidachepa, ndipo chimene chinali m'nkhokwe zazikulu za dziko chinali chitagulitsidwa. Koma ofufuza adapezanso pambuyo pake kuti ziwerengero za chinangwa ndi mbatata zinali zokwera kupambana zimene zinalidi m'minda. Papepala panali chakudya cholowa m'malo mwa chimanga, koma m'midzi munalibe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene thandizo lidachedwera, kotero kuti pamene Boma lidalengeza za tsokalo mu February 2002, maliro anali atayamba kale.

Tsono taonani ntchito imene wophunzira ameneyu akuikonzekera. Mlimi akafunsidwa za zokolola zake satchula makilogalamu. Amati ngolo ziwiri, kapena madengu khumi, ndipo wofufuza ayenera kudziwa ngati chimangacho n'chotonola kapena chosatonola. Munda umene mwini wake akuti ndi ekala imodzi uyenera kuyezedwa, chifukwa maso amanyenga. M'munda womwewo muli nyemba, nandolo ndi maungu. Chinangwa sichikumbidwa tsiku limodzi, ndipo chachiwisi chimalemera kupambana makaka. Akatha izi, wofufuza awerengere mtengo wa mbewu, wa thumba la feteleza la makilogalamu 50, ndi wa ganyu, nafanizire mtengo wa chimanga pa nthawi yokolola ndi mtengo wake mu Januwale, pamene nkhokwe zagona pansi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza wothamanga, wodzaza mafomu ali pansi pa mtengo osapondako m'munda, ameneyo ndi mdani wa mlimi.

A ku Chitedze angathe kutiuza mbewu imene ikubereka bwino. Koma kuti mlimi wa munda waung'ono angapindule nayo atabweza ngongole, limenelo ndi funso la wodziwa za chuma cha ulimi. Sukulu ya Bunda idayamba m'zaka za m'ma 1960 pansi pa Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR. Kumeneko dziko likuyembekezera anthu oyankha mafunso otere.

Komabe kufufuza kokha sikukwanira. Zopezazo zikalembedwa mosokonekera, zidzagona m'kabati kufikira chiswe chitazidya. Lipoti labwino limanena poyamba pomwe chimene chapezeka ndi chimene chiyenera kuchitika. Limafotokoza anthu amene adafunsidwa, kuchuluka kwawo, ndi mwezi umene adafunsidwira. Limasiyanitsa chimene wolemba adayeza ndi chimene akungoganizira. Bwana wa ku likulu, amene ali ndi mafailo ambiri patebulo, ayenera kulimva ataliwerenga kamodzi.

Kwa inu aphunzitsi tikuti, maziko a zonsezi ali m'manja mwanu. Mwana amene simudamlole kulemba yankho la samu popanda kuonetsa njira yake, ndiponso amene mudamphunzitsa kulemba chimangirizo chomveka, ndiye adzalembe lipoti loona.

Kwa inu antchito a Boma tikuti, wophunzira akafika pa ofesi yanu mpatseni ziwerengero zenizeni, zokoma ndi zowawa zomwe. Ndipo wantchito wamng'ono akabwera ndi nambala yosakondweretsa, musamtume kukaikonza kuti ikomere akuluakulu. Boma limaika ndalama zambiri pa feteleza wotsika mtengo, monga lidayambira mu 2005, ndipo liyenera kudziwa zoona za phindu lake. Wolemba zoona ndiye akuthandiza Boma, pakuti ndi iye amene amalichenjeza njala isanafike pakhomo.