Duwa Lifota Msanga, Utoto Uuma Mocedwa

Mwezi uno tikambirane za luso limene ambiri a ife timaliyesa masewera cabe, ndilo kujambula maluwa ndi utoto wa mafuta.

Bvuto lalikulu la wojambula ndi nthawi. Duwa lothyoledwa m'mawa limayamba kuwerama tsiku lomwelo, makamaka m'dzuwa la Okutobala kuno ku Chipata. Koma utoto wa mafuta suuma monga madzi. Umalimba pang'onopang'ono pokumana ndi mpweya, ndipo pamapita masiku angapo wojambula asanapake wina pamwamba pake. Akapupuluma, mitundu yonse imasakanikirana nkusanduka matope. Palinso lamulo lakuti utoto wa pansi ukhale wa mafuta ocepa, wa pamwamba wa mafuta ambiri. Wolakwira lamuloli adzaona cithunzi cake cikung'aluka patapita nthawi.

Akatswiri akale a ku Ulaya anagonjetsa bvutoli mwa kuleza mtima. M'caka ca 1606 Jan Brueghel wa ku Antwerp anajambulira Kadinala Federico Borromeo wa ku Milan maluwa a mitundu yambiri amene samasula nyengo imodzi. Anadikira duwa lirilonse pa nthawi yake, napita mpaka ku Brussels kukaona ena osowa. Wophunzira wake, Daniel Seghers, analowa m'cipani ca Ayezuiti m'caka ca 1614, ndipo anachuka ndi nkhata za maluwa zimene anali kujambula mozungulira zithunzi za Amayi Maria ndi za oyera ena. Nayenso Rachel Ruysch wa ku Holland, mayi wa ana khumi, anali kujambulabe maluwa ali ndi zaka zoposa 80. Akuluakulu ananena zoona: kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga ife? Yendani mu msika wa Kapata muone zikwangwani za masitolo ndi za malo ometera tsitsi. Manja amene anazijambula ndi a ana athu. Komabe mwana akayamba kujambula m'kope lake, makolo ambiri amamukalipira kuti akutaya nthawi. Nzoona kuti utoto, maburashi ndi nsalu yojambulapo ndi zodula, koma luso likasowa wolilimbikitsa limafa. Ku Mua m'dziko la Malawi, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a KuNgoni m'caka ca 1976, ndipo osema ndi ojambula ambiri aphunzira pamenepo nadyetsa mabanja awo ndi nchito ya manja awo.

Mphotho yace si ndalama zokha. Wojambula amakhala maola ambiri akupenyetsetsa duwa limodzi, mpaka aona kuti kuyera kwake kuli ndi mitundu inanso mkati mwake. Kupenya kotere ndi kumene Ambuye Yesu anatiitanira m'Mateyo mutu 6, potiuza za maluwa a kuthengo ndi cisamaliro ca Atate. Duwa likafota, cithunzi cimatsala kucitira umboni kukongola kumene Mulungu anapereka kwa masiku owerengeka.

Tsono makolo, musang'ambe kope la mwana wanu. Inunso a m'miphakati ndi a bungwe la parishi, musanagule maluwa ena a pulasitiki okongoletsera guwa, funsani ngati palibe mnyamata kapena mtsikana pakati panu amene angajambule nkhata ya maluwa a kwathu kuno yolemekezera Amayi Maria. Mugulireni utoto, ndipo mumpatse nthawi.