Njinga yakapalasa: madzi afika m'khosi

Kunja kusanayere bwino, anyamata a kabaza amakhala atandanda kale pa Nsungwi ku Area 25, pamsika wa Kawale ngakhalenso m'mphepete mwa msewu wa Likuni ku Chinsapo. Cha m'ma 2010, pamalo otere pamadzaza njinga zakapalasa, zina zokongoletsedwa ndi magalasi komanso kakhushoni pakeliyala.

Lero zinthu zatembenuka. Kutsogolo kwa mzere kumakhala njinga zamoto, ndipo wakapalasa amaima chapatali, kudikira munthu amene ndalama yake yaperewera.

Vutoli silikukhudza opalasa okha. Kumbuyo kwa njinga iliyonse kuli woitanitsa katundu kunja, mwini sitolo wa mu Malangalanga, wokonza njinga wa pansi pa mtengo ndi banja lomwe limadikira ufa madzulo. Onsewa apanikizika ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukwera mtengo kwa zipangizo ndi kulandidwa makasitomala.

Gwero la vuto loyamba ndi ndalama zakunja. Njinga zomwe zimayenda m'misewu ya dziko lino, pamodzi ndi matayala, machubu, matcheni ndi masipoko ake, zimachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China. Izi zikutanthauza kuti kwacha ikagwa, mtengo wa chubu pa Mgona umakwera.

Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi K25 pa K100 iliyonse. Mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi K44 pa K100 iliyonse, moti dola imodzi ya ku America yomwe imagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700.

Koma chidavuta kwambiri n'chakuti ngakhale pamtengo umenewo dolayo simapezeka m'mabanki. Amalonda ambiri adathamangira kumsika wamseri komwe mu 2025 mtengo wake udaposa kawiri wa kubanki. Ndi vuto lomweli lomwe lidachititsa ogulitsa kaunjika kuchita zionetsero mumzinda wa Lilongwe mu Febuluwale 2025.

Wasitolo amene wagula dola mokwera sangachitire mwina koma kukweza katundu. Akakweza, ogula amachepa, ndipo ndalama yoitanitsira katundu wina imachedwa kukwana. Ena asankha kuitanitsa zipangizo zotchipa koma zosalimba, zomwe zimabweza munthu kusitolo pasanathe nthawi.

Wokonza njinga naye ali pamoto. Kasitomala amene kale amagula tayala latsopano, lero amapempha kuti lakalelo alisoke kapena aikemo chigamba cha tayala lina. Chubu chimamatidwa mpaka zigamba kusowa pokhala. Ntchito imaoneka yambiri, koma phindu lake ndi lochepa chifukwa pomata chubu sapezapo ndalama yofanana ndi yomwe amapeza pomanga limu kapena kugulitsa chipangizo chatsopano.

Vuto lachiwiri ndi mpikisano. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2010, njinga zamoto zotsika mtengo monga Lifo ndi SanLG zidayamba kuchuluka, zambiri mwa izo zikulowa kudzera m'malire a dziko la Mozambique. Njinga yamoto imakwera chitunda popanda kutsitsa munthu, imanyamula anthu awiri nthawi imodzi ngakhale malamulo salola, ndipo imapita ndi kubwerako wakapalasa asanafike n'komwe.

Mayi wa geni wochokera ku Area 23 amene akuthamangira kukapikula tomato sangadikire njinga yomwe ikafika pokwera amuuza kuti atsike ayende pansi. Amalolera kuonjezera pang'ono kuti afike msanga. Choncho wakapalasa watsala ndi maulendo afupiafupi a m'makwalala, omwe ndalama yake ndi yochepa, ndipo sangakweze mtengo poopa kuthawidwa ndi ochepa omwe atsalawo.

Mzinda nawo watambasuka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu Lilongwe munali anthu 989,318, ndipo ambiri mwa obwera kumene amamanga kutali ndi pakati pa tauni. Mtunda ukatalika, mwayi umapita kwa mwini injini.

Amakaniko ochenjera adaiona kale mphepoyi. M'madera monga Biwi, komwe kumadziwika ndi magalaja ndi zipangizo za galimoto, ndi m'misika ya m'makwalala, ena omwe adayamba ndi kumata machubu tsopano akukonza njinga zamoto. Masitolo omwe kale amapachika matayala a njinga zakapalasa okhaokha lero amaikanso mafuta a injini ndi mapulagi.

Komabe sikuti mbali inayo kuli uchi wokhawokha. Walira mvula walira matope. Njinga yamoto imamwa mafuta, ndipo mafutawo akhala akukwera komanso kusowa. Mu Novembala 2023 bungwe la Mera lidakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 adafika pa K3,499. Kumapeto kwa 2024 mafuta atasowa, oyendetsa njinga zamoto amataya tsiku pamzere kapena kugula wa m'zigubu pamtengo wokwera, pomwe wakapalasa amangofunika nsima m'mimba.

Ambiri mwa oyendetsawa njinga si zawo. Amayenera kupereka ndalama yapatsiku kwa mwini wake, kaya bizinesi yayenda kaya ayi. Palinso ngozi. Madokotala a pachipatala cha Kamuzu Central akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka mafupa pangozi za njinga zamoto, ndipo nthambi yoona za pamsewu yakhala ikulimbana ndi njinga zopanda nambala ndi oyendetsa opanda ziphaso.

Mavuto a malonda a njinga sali kuno kokha. Nthawi ya Covid-19, mu 2020 ndi 2021, anthu a ku Ulaya ndi ku America adagula njinga zambiri pothawa kuthithikana m'mabasi ndi m'sitima. Makampani adaitanitsa katundu wochuluka poganiza kuti msika ukhala choncho. Mliri utatha ogula adachepa, katundu adaunjikana, mitengo idagwa. Mu 2023 kampani ya VanMoof ya ku Netherlands idagwa ndi ngongole, ndipo Wiggle ya ku Britain idatsatira chaka chomwecho.

Ku India, kampani ya Atlas, yomwe dzina lake silachilendo kwa opalasa akale, idatseka fakitale yake yomaliza ku Sahibabad pa 3 Juni 2020, tsiku lomwe dziko lapansi limakumbukira njinga, ponena kuti ilibe ndalama zoyendetsera ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti pomwe kunjako njinga zimasowa ogula mpaka kutsitsidwa mtengo, ku Kawale zimakwera. Njinga zomwe zidaunjikana kumeneko zinali zamasewero ndi zamagetsi, osati zakuda zonyamulira matumba, ndipo ngakhale zikadakhala zoyenera, dola yogulira kunalibe.

Ena amati yankho ndi kumanga fakitale yathu. Koma aneba athu a ku Zambia ali ndi phunziro. Fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, yomwe imapanga njinga za Eagle, idafooka msika utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cholephera kupikisana ndi njinga zotchipa zochokera kunja. Fakitale yopanda zitsulo zake, magetsi odalirika ndi msika waukulu imangosanduka chigoba.

Njira ina ndi yomwe ikutsatidwa ndi Buffalo Bicycles, kampani ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe lidakhazikitsidwa mu 2005. Iyo imabweretsa zipangizo n'kumanga njingazo mu Lilongwe momwe muno, ndipo keliyala yake idapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Ndi yolimba, koma mtengo wake ndi woposa wa njinga wamba, moti mnyamata wongoyamba kumene amathera pa njinga yakaunjika kapena yotchipa yomwe imamudyera ndalama kwa makaniko.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Njinga yakapalasa sikufa, koma ntchito yake yasintha. Yasiya kukhala mfumu yonyamula anthu, yasanduka bulu wonyamula katundu ndi bwenzi la wantchito wolandira zochepa. Alonda, omanga nyumba ndi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo amaidalira pothawa mtengo wa minibasi. Ogulitsa masamba, nkhuku, nkhuni ndi makala amaikankha kuchokera kumidzi yozungulira mzinda.

Anthu amenewa ndi omwe amavutika kwambiri chubu chikakwera mtengo, koma mawu awo samveka pokonza ndondomeko ya chuma. Boma likamagawa ndalama zakunja zochepazo, limayamba ndi mafuta, feteleza ndi mankhwala, zomwe n'zomveka. Koma lingathe kuunikanso misonkho ya zipangizo za njinga, ndipo khonsolo ya mzinda ingaonetsetse kuti misewu ya m'makwalala ili ndi malo oti wopalasa adutse osapanikizidwa ndi minibasi.

Opalasa ndi amakaniko nawo ali ndi mbali yawo. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a pasiteji omwe amasonkherana pakagwa maliro angathenso kusonkha zopikulira matayala ndi machubu pamodzi, kapena kubwerekana ndalama yogulira njinga yolimba mwapang'onopang'ono.

Zikapanda kutero, mnyamata wa pa Nsungwi apitiriza kuwerenga ndalama zake madzulo n'kupeza kuti theka lapita kwa womata chubu, ndipo womata chubuyo apeza kuti zomwe walandira sizikukwana kupikula guluu wa mawa.