Wogulitsa galimoto akati “njosamalika bwino”, mufunseni umboni

Anthu okhala m’mbali mwa mseu wocokera pa Mwami kudzera ku Chipata mpaka ku Mfuwe amaadziwa magalimoto aatali aja amene amadutsa ndi alendo okaona nyama ku South Luangwa. M’kati mwake mumakhala bedi, citofu, firiji, thanki ya madzi ndi cimbudzi comwe. Eni ake amaacha motorhome, ife tingoti galimoto ya nyumba. Kuno kwathu ndi ocepa, ndipo mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi angafunse kuti malonda ake amukhudza bwanji. Yankho ndi lakuti zimene zacitika pa msika wa magalimotowa ku Europe zili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kugula kapena kugulitsa Canter, HiAce kapena thirakita yakale.

Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseketsa mahotela ndi kuimitsa ndege, anthu a ku Europe anathamangira kugula magalimoto a nyumba kuti aziyenda ndi kugona paokha. Ku Germany kokha, caka cimeneco analembetsa atsopano oposa 75,000. Mafakitale analephera kukwanitsa onse ofuna, motero akale omwe anakwera mtengo, ndipo wogulitsa sanali kufunsidwa zambiri. Koma zinthu zinatembenuka. Pofika 2024 amalonda anali ndi magalimoto ambiri ongokhala pabwalo, kotero kuti kampani yaikulu ya Knaus Tabbert inaimitsa mafakitale ake ena kwa milungu ingapo kumapeto kwa cakaco. Katundu akacuruka pa msika, wogula ndiye amakhala mfumu. Amayamba kufunsa mafunso, ndipo galimoto imene imapita msanga ndi ija imene mwini wake ali ndi mayankho olembedwa.

Mafunso ake ndi a mbali ziwiri, pakuti galimoto ya nyumba ndi zinthu ziwiri pa matayala amodzi. Mbali yoyamba ndi injini, mabuleki ndi matayala. Magalimotowa amayenda pang’ono pa caka, nthawi yambiri amangoima, ndipo wosadziwa amakondwa akaona makilomita ocepa. Koma kuima nako kumapha galimoto. Mabuleki amacita dzimbiri, batire imatha, oilo amakalamba ngakhale sanagwire nchito. Lamba wa m’injini uja amati timing belt amafunika kusintha zikakwana zaka zimene opanga ananena, kaya galimoto inayenda kaya ai, ndipo akaduka pamseu injini yonse ingaonongeke. Tayala lingaoneke latsopano koma mphira wake utauma ndi dzuwa. Pambali pa tayala pamakhala manambala anai osonyeza pamene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya caka ca 2019. Tayala lopitirira zaka 6 liyenera kukayikiridwa, la zaka 10 nlotaya.

Mbali yaciwiri ndi nyumbayo. Mdani wake wamkulu ndi madzi a mvula. Zomatira za pa denga ndi pa mawindo zikang’ambika, madzi amalowa pang’onopang’ono ndi kuoletsa matabwa a m’kati mwa zipupa, kunja kukuwalabe. Ndi cifukwa cake ku Britain eni osamala amapereka galimoto caka ndi caka kuti amisiri ayese cinyezi m’zipupa, mapaipi a gasi ndi mawaya a magetsi, nkupereka cipepala. Gasi wothawa m’cipinda cocepa cogonamo anthu ndi imfa. Wogulitsa amene ali ndi zipepala zimenezi za caka ciliconse, pamodzi ndi buku la sevisi ndi malisiti, savutika kunenerera mtengo wake. Amene alibe amatsitsa, kapena galimoto imamukhalira.

Tibwere kwathu tsopano. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mabanja ambiri anagulitsa ziweto ndi katundu kuti adye. Mu 2025 mvula inagwa bwino, dziko linakolola cimanga coposa matani 3.5 miliyoni, FRA inaika mtengo wa K340 pa thumba la makilogalamu 50, ndiponso kwacha inalimba poyerekeza ndi dola. Caka cotero ndico cimene mlimi amaganiza zogula galimoto yonyamulira matumba, ndipo khonsolo ya parishi imayamba kukamba zosintha galimoto yoyendera kumachalichi a kumidzi. Ogulitsa nawo amadziwa nyengo. Zilengezo zonse, za m’nyuzipepala ndi za pa foni, zimaimba nyimbo imodzi: njosamalika bwino, mwini wake ndi mmodzi, ingolizani nkupita.

Mau amenewo ndi aulere, aliyense angaalembe. Inu alimi anzanga, funsani zimene wogula wa ku Europe waphunzira kufunsa. Oilo anasinthidwa liti, pa makilomita angati, ndipo anasintha ndani? Malisiti ali kuti? Kodi makilomita a pa mita agwirizana ndi kutha kwa mpando, siteling’i ndi zopondapo? Mita imabwezedwa m’mbuyo, koma mpando wodibwika sunama. Pitani m’mawa injini isanalizidwe, cifukwa yotentha kale imabisa matenda. Tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumlipire bwino tsiku limenelo. Dzina la pa white book lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsa, manambala a injini ndi a chasisi afanane ndi a m’bukulo, apolisi atsimikize kuti si yakuba, ndipo dzina lisinthidwe ku RTSA msanga. Kalata yolemberana pansi pa mtengo siikupangani kukhala mwini pamaso pa boma.

Zingacitikenso kuti galimoto ya nyumba yeniyeniyo yakupezani, mwina mlendo wamaliza ulendo wake ndipo afuna kuisiya, kapena mwaiona pa mndandanda wa magalimoto ocokera ku Japan. Apa pafunika kuganiza kawiri. Galimoto ya mlendo imalowa m’dziko ndi cilolezo ca kanthawi, ndipo siingagulitsidwe kuno msonkho wa ZRA usanalipidwe. Mukaigula mwakacetecete, ingalandidwe ndalama zanu zitapita kale. Zambiri za ku Europe zimamangidwa pa Fiat Ducato, imene masipeya ake simungawapeze msanga ku Chipata monga a Toyota, ndipo za ku Germany kapena ku Netherlands zili ndi siteling’i kumanzere, pamene ife timayenda kumanzere kwa mseu: kupitirira thiraki pa mapiri a ku Luangwa kumakhala kungoyerekeza. Zambiri siziloledwa kupitirira matani 3.5 zitanyamula zonse, ndipo mipando, thanki ndi makabati zimakhala zitadya kale gawo lalikulu la kulemerako. Matumba 10 a cimanga ndi makilogalamu 500, ndipo pa zambiri mwa izo malire angathere pomwepo. Pansi pake mpafupi ndi nthaka, kumbuyo nkotalika, motero pa miseu yathu ya fumbi nthawi ya dzinja ingatsale pa kamtsinje koyamba. Kwa mlendo ndi nyumba yabwino. Kwa mlimi ndi ng’ombe yonenepa yosakoka ngolo.

Nanga ife tikakhala ogulitsa? Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaufunsa kale funso limeneli: kodi wogulitsa ayenera kuulula cirema ca katundu wake? Anaphunzitsa kuti cirema coonekera kwa aliyense sicifuna kulalikidwa malinga mtengo watsitsidwa moyenera, koma cobisika cimene cingabweretse ngozi kapena kutayitsa wogula ndalama ciyenera kunenedwa, ndipo anapereka zitsanzo za kavalo wopunduka ndi nyumba yofuna kugwa. Galimoto imene takambayi ndi kavalo ndi nyumba pamodzi. Kuthira oilo wolimba kuti utsi ubisike, kumata dzimbiri ndi penti, kapena kubweza mita, ndi kuba basi, ngakhale wogula atasaina mokondwa. Ndipo pa mudzi wogula sapita kutali: mudzakumana naye pa maliro, pa msika ndi pa Misa.

Cinthu cothandiza onse awiri ncocipa kuposa lita imodzi ya dizilo: kabuku ka ana a sukulu kosungidwa m’galimoto. Lembanimo tsiku, makilomita, cimene cakonzedwa, wokonza ndi mtengo wake, nkumatamo lisiti. Khonsolo ya parishi ndi komiti ya kopaletivu zizipempha kuona kabukuka pa msonkhano uliwonse monga zimaonera buku la ndalama, pakuti galimoto ya gulu imafa msanga cifukwa oyendetsa ndi ambiri koma wosamala palibe. Tsiku logulitsa likadzafika, kabukuko ndiko kadzakunenerani mtengo. Ndipo inu ogula, mukafunsa kabuku kotere nkuyankhidwa ndi kuseka, bwezani ndalama zanu m’thumba, mukafune kwina.